Gogodera wa Amalume Amadya Zala Zitatu

Aphungu,

Ndine mtsikana wa ku Nkhudzi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye mundikhululukire ngati kalatayi yapotoka. Pakamwa ndine wamanyazi, koma pepala silindiyang'ana m'maso.

Ndiyambe ndi zokoma, chifukwa mtima wanga sukukhala pansi. Ndikukwatiwa mwezi wamawa! Ansembe alengeza kale kutchalitchi. Mwamuna wake ndi a Rowland, amene amakoka ukonde wa chilimira kuno kwathu. Tikamayeserera magule a chipani anzanga amalowetsa dzina lawo m'nyimbo, ine n'kumabisa nkhope m'chitenje, koma m'kati ndikuvina kuposa onsewo.

Chimene chinativuta ndi mphete. Tinapita kusitolo ku Mangochi, a Rowland anayesa zonse, ndipo palibe imene inadutsa pa mfundo ya chala. Zingwe za ukonde zinawakulitsa zala, zili ngati nthochi. Mwini sitolo anati aitanitsa ina ku Limbe. Ndinawazunguliza ulusi pachala kuti tisiye muyeso, ndipo ulusi wina wofanana nawo ndinasunga m'kachitini kanga ka singano.

Tsono nkhani ndi iyi. Amalume anga a Jenkins, amene anandilera, ndi mlenje wakale. Ali ndi gogodera, mfuti ija yothirira onga kukamwa. Maso awo achita nkhungu, sapitanso kutchire. Sabata yatha anaitana a Rowland n'kuwapatsa mfutiyo, chonsecho ana awo enieni amawakaniza ngakhale kuipukuta. Za chitupa cha mfutiyo anapitira limodzi ku boma. A Rowland akuyenda ngati sakuponda pansi. Alonjeza kuti paukwati pathu anthu sadzadya nsomba zokha, adzadya mbawala yopha mkwati mwiniwake. Inenso ndikunyada, sindinama. Ndauza kale mnzanga Keti kuti adzabwere ndi mano akuthwa.

Mfutiyi ili ndi ndodo yake yotsindira. M'kati mukakhala mopanda kanthu, ndodoyo imalowa yonse. Akathira onga n'kutsindira, imatsala kunja pang'ono, ndipo mlenje amasanja zala pa mbali yotsalayo kuti aone ngati onga wakwana. Ndinali kuseri kwa mpanda, ndikutsuka mbale, pamene amalume anati: "Mkamwini, nkhalamba iyi imadya zala zitatu. Mukaipatsa zinayi idzakusanzirani kumaso." A Rowland anaseka n'kuvomera kuti amva.

Tsiku lomwelo ndikuwathirira amalume madzi osamba m'manja, ndinayang'ana zala zawo. Ndi zowonda ngati bango. Aphungu, masamu sindinapite nawo patali, koma zala zitatu za amalume zikufanana ndi ziwiri za a Rowland. Ndiye a Rowland akasanja zitatu zawo, sizipitirira zinayi zija?

China ndi a Gordon, mnzawo amene amaphikira mzungu wina kugombe kuno. Abwera ndi makatiriji, zipolopolo za mfuti ya bwana wawo, akuti angowang'amba n'kukhuthulira onga wake m'gogodera, poti ndi wamakono, wopanda utsi. Anati: "Onga wa amalume akowo ndi wa nkhondo ya Jeremani, mbawala imayamba yatsokomola isanafe." Onse anaseka. Inenso ndinaseka nawo.

Ndinayesa kulankhula. Ndinati, "A Rowland, zala zanuzo…" Iwo anandidula, nati ndisade nkhawa, mphete ibwera. Ndinazisiya pomwepo. Komanso kwathu kuno mkazi sakhudza mfuti, amati imazizira. Amalume ndi a mtima wapachala; ndikawauza angathe kuilanda, a Rowland n'kuchita manyazi pamaso pa anzawo onse a kunyanja, ndipo angati ndayamba kuwalamulira tisanalowe m'nyumba.

A Rowland akupita kutchire masiku ochepa ukwati usanachitike. Kodi ndikuopa zachabe? Ngati ayi, ndinene bwanji?

E. J.
Nkhudzi, Mangochi

Zikomo E. J.,

Ukwati wabwino. Kalata yako siinapotoke, ndipo masamu akowo ndi olondola. Sukuopa zachabe.

Tiyambe ndi a Gordon, chifukwa zawozo ndizo zingaphe munthu msanga. Onga wa m'makatiriji usalowe m'gogodera, ngakhale kapang'ono, ngakhale kosakaniza ndi wakuda uja. Unapangidwira mfuti za chitsulo cholimba. M'mpope wakale ngati wa amalume akowo umaphulitsa chitsulo pafupi ndi nkhope ndi dzanja la wowombayo. Utsi umene akuusekawo ndiwo chizindikiro cha onga woyenera mfutiyo. Makatirijiwo abwerere kumene anachokera, mwini wake asanawafune. A Gordon aziphika supu, za mfuti azisiye.

Za zala, amalume sananame. Anapereka muyeso wa dzanja lawo n'kuiwala kuti dzanjalo silipita nawo kutchire. Ine sindikuuza kuti onga ukhale wochuluka bwanji, chifukwa mfutiyo sindinaione. Amene amaidziwa ndi iwowo. Chofunika ndi kuchotsa muyesowo pa zala n'kuuika pa chinthu chimene sichinenepa. Amalume athire okha, ayese ndi zala zawo, kenako pandodo yotsindira palembedwe mzere ndi mpeni. Adulenso kansungwi kolowa onga wa kuwomba kamodzi, kuti a Rowland azithira wa m'kansungwimo, osati kupungula m'nyanga yosungiramo onga molunjika kukamwa kwa mfuti. M'kati mukatsala kamoto, nyanga yonse imayakira m'manja.

Pandodopo pakhalenso mzere wachiwiri, wosonyeza pamene imalekezera chipolopolo chikalowa. Mlenje watsopano, mtima ukamagunda, amaiwala kuti wathira kale n'kuthiranso. Ndodo ikatsala kunja kupitirira mzerewo, asawombe. Chipolopolo chizitsindiridwa mpaka chikhale pa onga, pasatsale mpata. Fataki, kachipewa koyatsira kaja, aziika pomalizira. Mfuti ikakana kulira, ailozetse kutchire n'kudikira. Asasuzumire kukamwa kwake, pakuti gogodera amatha kuyankha mochedwa. Ndipo popeza yagona nthawi yaitali, aitsuke, munthu wa maso akuthwa aone ngati mpope ulibe dzimbiri lakuya kapena mng'alu. Ukapezeka, mfutiyo ikhale yokongoletsa khoma.

Tsopano za manyazi ako. Palibe akukutuma kukhudza mfuti, ndiye siizizira. Sukufunikanso mawu ambiri. Tsegula kachitini kaja. Tsiku limene a Rowland abwera kudzacheza, ukamawathirira amalume madzi, uwapemphe chala, uwazungulize ulusi wa muyeso wa a Rowland uja mwanthabwala, ngati ukuwaonetsa mavuto amene munakumana nawo kusitolo. Maso awo achita nkhungu, koma khungu limamva. Akaumva ukukhwepa, ungofunsa kuti, "Amalume, zala zitatu zija ndi za ndani?" Mlenje wakale sadzafuna kuti umasulire. Sadzalanda mfuti, chifukwa palibe amene walakwa, adzaitanitsa mpeni. A Rowland nawonso sadzachita manyazi. Ndi mwamuna uti amakwiya atauzidwa kuti dzanja lake ndi lalikulu?

Za makatiriji uwauze a Rowland pa awiri, osapita m'mbali. Akaseka, pita nazo kwa amalume tsiku lomwelo, kaya akwiya kaya ayi. Ngati pakamwa pauma, uwawerengere tsamba lino mokweza, unene kuti ndi Aphungu akulankhula. Mwamuna amene amva mawu ako lero adzawamvanso m'nyumba, ndipo kuchenjeza munthu si kumulamulira.

Chenjezo langa lomaliza: chitupa cha mfuti si chilolezo chophera nyama. A Rowland afunse kwa a gemu, oyang'anira nyama zakutchire, za chilolezo ndi malo ololedwa, kuopa kuti mkwati angadzagone kupolisi alendo akuvina. Asapitenso yekha, ndipo ayambe wayesera pa chitsa amalume ali pambali. Zikakanika zonsezi, musaumirire. Chambo sichinathetsepo ukwati wa munthu, ndipo Keti mano ake adzatafunira minga.

Mphete ija ikuyenda ulendo wautali kuchokera ku Limbe, mwana wanga. Ikafika ipeze chala chake chilipo.

Aphungu