Msomali Wopanda Chithunzi

Iloilo, 14 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Renato,

Ndikhulupirira uli bwino ku Manilako pamodzi ndi mlamu wanga Ligaya ndi ana. Kuno amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuvuta. Ine ndiye ndili choncho.

Ndamva kuti eni koleji akuitana iwe kuti udzakhale mkulu m'malo mwanga. Anakuuza kuti ndinatula pansi udindo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Bodza limenelo ndinapeka ndine. Tsopano imva zoona.

Pakhoma la kunja kwa ofesi ya mkulu pali zithunzi zisanu za amene anatsogolera koleji ine ndisanafike. Mwambo wa pamenepo ndi woti chithunzi cha mkulu sichipachikidwa iye ali moyo. Onse asanu anafera pampando.

Sabata yanga yoyamba ndinapeza msomali wachisanu ndi chimodzi, wopanda kanthu. Ndinawakalipira a Isko, kalipentala wa pakoleji. Anati zaka makumi atatu agwira ntchito pamenepo sanakhomepo msomali pakhomalo, amangoupeza. Yawo akuti ndi kupachika basi.

Umandidziwa iwe, mlongo wako wamakani. Ndinawauza azule, amate bowo, apente. Lolemba msomali unali pomwepo, penti ili youma bwinobwino. Tinachita zimenezi katatu. Kenako ndinaona kuti ukulowa m'khoma pang'onopang'ono, ndipo mutu unayamba kundibaya kunkhongo, malo amodzi okhaokha.

Mwezi wanga wachisanu pampando, a Isko anabwera chipewa chili m'manja. Anandipempha mwaulemu kuti ndisankhiretu chithunzi chimene ndimachikonda, kuti asadzavutitse abale pa tsikulo. Kalata yotula udindo ndinalemba masana omwewo. Ndinachita mantha, Renato, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Mutu unaleka. Koma dzulo nditapita kukatenga mabuku anga, ndinapeza msomali wanga ulipobe, ndipo pambali pake pali wina wonyezimira. Nditafunsa mlembi wa pakoleji, anavomera kuti kalata yako yolola udindowo inafika Lachiwiri. Sunandiuze bwanji?

Chonde alembere eni koleji kuti wasintha maganizo. Akuseke, akutche wamantha ngati ine, palibe kanthu. Ligaya ali ndi ana atatu oti alere ndi iwe.

Potuluka, a Isko anandifunsa ngati kunyumba tili ndi chithunzi chako chabwino. Ndinawauza kuti tilibe. Zonse ndazibisa, ngakhale chaukwati chija cha pabalaza la amayi.

Undiperekere moni kwa mlamu ndi ana. Mulungu akusunge komweko.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Consuelo