Envulopu ya Voti ya Abwana Ili mu Lokala Yanga

Aphungu,

Pepani kuti ndikukutopetsani, koma mtima wanga suli m'malo. Ndine bambo wa zaka 48, mesenjala pa kampani ina ku Jebel Ali, kuno ku Dubai. Sukulu ndinalekezera sitandade 8, motero pepala lililonse ndimaliwerenga katatu ndisanasaine.

Lolemba abwana anga, a Victor, a ku America, anandiitana. M'chigawo cha kwawo muli lamulo loti boma limange njanji ya sitima yothamanga kwambiri, ndiye anthu akuvota ngati lamulolo lichotsedwe. Iwo avotera kuno, papepala. Anati, "Sainani apa ngati mboni, kenako mukatumize envulopuyi." Ndinachita manyazi kuwerenga iwo ataima pomwepo. Ndinangosaina pa envulopupo.

M'basi ya kampani ndinamuuza mnzanga Boniface. Anaseka nati, "Habibi, m'bale wanga, wavota ku America iwe! Walowa ndale za eni. Khalas, zako zatha, longedza, viza yapita!"

Envulopuyo sindinatumize. Ili mu lokala yanga, pansi pa yunifomu, lero tsiku lachitatu. Abwana atafunsa ndinati, "Yapita, bwana."

Ndili ndi ana anayi ku Rumphi, onse amayang'ana ine. Wapolisi akangodutsa pa geti ndimabisala. Kodi ndiing'ambe? Chonde ndiyankheni lisanafike Lachisanu, poti abwana anati ikanyamuka tsikulo litadutsa sikawerengedwa.

M.C., Jebel Ali, Dubai

Bambo M.C.,

Pumani kaye. Simunavote. Mboni imangotsimikiza kuti mwiniwake wasaina yekha. Kodi mboni ya pa ukwati imapita ndi mkwatibwi kunyumba? Sitimayo ibwere kapena isabwere, si nkhani yanu. Boniface musiyeni, amangofuna poseka.

Choopsa chenicheni chili mu lokalamo. Mwatsekera voti ya munthu, ndiye mwamunamizanso.

Mawa m'mawa kagogodeni pa ofesi yawo, envulopu ili m'manja, yosatsegula. Nenani zoona, kuti munagwidwa ndi mantha. Apempheni akuwerengereni mawu a pamene munasaina paja, aonenso ngati malamulo a kwawo amalola mboni yosakhala nzika. Ngati salola, mpata wokonza ukadalipo. Ikakhala bwino, kaitumizeni tsiku lomwelo, lisiti mukawapatse pamanja.

Mwina akalipa. Pirirani, n'zakanthawi. Koma musang'ambe, ndipo isagonenso mu lokala. Kusaina kuja sikungakukwezeni ndege ya ku Lilongwe, bambo. Chingakukwezeni ndi "Yapita, bwana" uja, abwana akadzatulukira okha.

Aphungu