Nyumba Yonse Ili m'Mimba mwa Imogen

Lolemba, 4 Malichi 1963
Mvula. Zidebe zisanu m'chipinda cha mabuku, denga likudontha ngati kale. Miyezi isanu chimwalirireni bambo, ndipo nyumba yathu ya Harnleigh ilibe mwini wake, Lord. Maloya akuti tidikire mimba ya Imogen, mkazi wachiwiri wa bambo, amene ndimamuposa ndi zaka zinayi. Akabadwa wamwamuna, dzina ndi nyumba ndi zake, ine ndikhalabe muno. Akakhala wamkazi, zonse zipita kwa msuweni Tarquin. Ine mwana woyamba, zaka 38 m'nyumba muno, koma wamkazi sawerengedwa. Zimandiwawa, kunena zoona.

Lachinayi, 7 Malichi
Tarquin wabwera, akuti kudzatizonda. Ndamupeza akuyeza mazenera. Akuti, "Usadandaule Venetia, kanyumba ka pageti ndikusiyira." Ndamupatsa tiyi wozizira, dala. Galu wa bambo wamutafunira chipewa. Galu wanzeru.

Lamlungu, 10 Malichi
Pachakudya chamasana Tarquin walunjika mpando wa bambo. Pocock, mkulu wa antchito, wakana kumukokera. Wati, "Pepani bwana, mwina mwini wake ali kale patebulo pompano." Imogen waseka mpaka kugwira mimba. Ndayamba kumukonda mtsikanayu.

Lachitatu, 20 Malichi
Imogen akungofuna nsomba yowamba ndi jamu. Wophika akuti ameneyo ndi mwamuna basi. Abusa akuti sangapempherere mbali imodzi. Ndawakumbutsa banja limene limakonza denga la tchalitchi. Ndadzala mbatata kumunda. Kaya adzakumba ndani.

Loweruka, 30 Malichi
Wabadwa nthawi ya kadzutsa. Wamkazi. Imogen kulira, "Pepa Venetia, pepa." Kupepesa chiyani? Ndamunyamula, kofiira, kaukali, mphuno ya bambo yeniyeni. Mng'ono wanga. Ndayesa kudandaula za nyumba, zakanika. Ndatsika naye. Tarquin watsegula kale botolo ndipo walamula kuti akweze mbendera pansanja.

Masana
Tili pabalaza namwino anakuwa ali pamwamba kuti abweretse madzi ena, m'mimba muli mwana winanso. Dokotala sanadziwe miyezi yonseyi! Tinadikira mphindi makumi awiri. Kenaka Pocock anatsika pang'onopang'ono, namudutsa Tarquin ngati sakumuona, nkuima pamaso panga.

"Mayi, a Lord Harnleigh afika. Akulira kwambiri."

Kamtsikana kali m'manja mwangamu kawatsogolera ndi mphindi makumi anayi. Ndakanong'oneza kuti ndikudziwa, nanenso ndinabadwa woyamba koma wamkazi.