Nkhanu Zonse Zili Kwanu

Providencia, Colombia

Wokondedwa msuweni wanga Odelia,

Ndikhulupirira uli bwino ku Corn Island kumeneko. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Ndamva kuti wagula boti lachiwiri, nyumba nayo waipaka utoto. Mulungu ngwabwino. Chigamulire oweruza a khoti la mayiko ku Hague aja kuti madzi omwe agogo athu ankagwiramo nkhanu ndi a dziko lanu la Nicaragua, mwayi wonse unakocheza kwanuko. Anthu oti sanalawepo mchere wa nyanja ino angojambula mzere papepala, basi iwe walemera! Ife boti lathu likungowola pamchenga, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Zikomo powalemba ntchito a Delmar, bambo a ana angawa. Ponyamuka anati, "Ruthlyn, nyengo ya nkhanu ikangotha ndabwera." Nyengoyo inatha kalekale. Lamulungu kutchalitchi mayi Hooker, amene angobwera kumene kuchokera kwanuko, anandikoka dzanja n'kunena kuti, "Iii, amuna ako anenepatu, mpaka khosi osaoneka! Nsomba zophikira kokonati za Odelia si zamasewera. Ndipo kudoko kuja sagonakonso ayi." Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani?

Sindikufunsa kanthu, msuweni. Ndikudziwa kuti chimwalirire amuna ako nyumbayo inakukulira, zipinda zili mbwee. Kungoti anthu salephera kulankhula.

Uwauze a Delmar kuti mwana wawo wamng'ono Elkin wayamba kuyenda, ndipo mwamuna aliyense wovala chipewa akumutcha adada. Dzana anakakamira mwendo wa abusa, mpingo wonse ukuona.

Ndine msuweni wako,
Ruthlyn