Liwu Limene Adokotala Anabwereza Katatu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti alamu anu chifuwa chija sichikuwasiya.

Musaseke, ndayamba kuphunzira Chisipanishi ndi imvi zangazi. Kuchipatala kuno amalankhula chimenecho, ndiye amatimasulira ndi aneba athu. Sabata yatha adokotala analankhula nthawi yaitali akuloza chithunzi cha m'chifuwa, koma anebawo anangoti, "Akuti azimwa mankhwala." Ndinati, "Zonse zija n'zomwezo?" Iwo anayang'ana pansi.

Tsopano ndamata timapepala pakhoma la kukhitchini: tos ndi kutsokomola, sangre ndi magazi, dolor ndi ululu. Ndimaloweza uku ndikutsuka mbale. Alamu anu amandiseka kuti ndikulankhula ngati ndalumira mbatata yamoto, kusekako n'kuthera m'kutsokomola.

Pali liwu limodzi limene adokotala anabwereza katatu. Ndinalilemba m'dzanja, ndipo dzulo ndinapeza tanthauzo lake. Amayi musawauze kanthu kaye, muzingoti tili bwino.

Lachinayi tikupitanso. Aneba aja ndawathokoza, ndawauza kuti apumeko. Ndikafunsa ndekha, ngakhale lilime lizikakhota, ndipo sindikadzuka pampandopo mpaka nditamva zonse.

Muzitipempherera.

Ndine mng'ono wanu.