Ndinapeza akuchokera kumanda: ndigule thabwa liti kuti ndisadzachedwenso?

Aphungu,

Foni inalira Lachisanu lina mu Julaye, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndili pakati pa phunziro mu Sitandade 6. Sindiyankha foni m'kalasi, koma nditaona kuti ndi mlongo wanga Zaina ndinatuluka, choko chili m'manja. Anangoti, "Achimwene, Che Bilali atisiya. Agwa ali pamakina. Ati aika ikatha swala ya Ijuma." Ine ndinafunsa kuti, "Bilali wake uti?" ngati kuti kwathu alipo awiri.

Ndine mphunzitsi wa zaka 44. Kwathu ndi ku Ntaja, koma chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi ndikuphunzitsa pachilumba m'nyanja ya Chilwa. Tinabadwa atatu: Bilali, ine ndi Zaina. Bilali anali telala pakhonde la sitolo ina kumsika wa Ntaja. Sanadwale ayi. Anamwalira akusoka yunifolomu ya mwana wa munthu, mkono umodzi usanathe.

Mukaima pachilumbapo kunja kutayera, mapiri a kwathu amaoneka kumpoto. Koma boti la injini sililowera kumeneko. Limapita kumadzulo, kudoko la mbali ya Zomba, ndipo limayamba ladikira kuti lidzaze. Mukatsika ndiye njinga yamoto mpaka m'tauni, minibasi mpaka pa Liwonde, kenako ina ya ku Ntaja. Ndinayenda njira yonseyo ndi malaya a kusukulu. Ndinafika dzuwa litapendeka, ndipo ndinakumana ndi amuna akuchokera kumanda, makasu ali paphewa, jeneza yonyamulira maliro ili yopanda kanthu. Mkulu wanga sindinamusambitse, sindinamuswalire, sindinamuponyere ngakhale dothi.

Sindikudandaula kuti sanandidikire. Ndi mmene chipembedzo chathu chilili, ndipo ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi mawu a bambo anga. Ali ndi zaka zoposa 80, miyendo inawatupa kalekale, ndipo chimwalirireni mayi amakhala ndi Zaina. Tsiku lachitatu, anthu atachepa, anandiitanira pamkeka pawo nati, "Kwathu kuno mwana wamwamuna ndiye amatsikira m'manda kukalandira bambo ake. Ine ndimati adzandilandira Bilali. Tsopano watsala iwe. Iwe wa mabuku, usadzachedwe." Sanakalipe. Ananena akundisisita dzanja.

Ine ndine uja wowerenga chilichonse chimene ndachipeza, ngakhale nyuzipepala yokulungira matemba. Masabata ano ndakhala ndikuwerenga za matabwa amene anthu a kunja amapalasa ataimirira, ndi nkhafi imodzi yaitali. Si thabwa la mtengo, ndi la faiba ngati maboti ena aja, lopepuka moti munthu mmodzi amalinyamula m'khwapa. Ena amachita kudikira tsiku la mphepo, n'kuipatsa msana, mafunde n'kumawakankha ulendo wonse. Nditawerenga zimenezi ndinaganiza za mphepo yathu ya mwera. Mwera umawomba kulowera kumpoto, ndipo kumpoto ndi kwathu. Lachisanu lija kunali mwera. Ndikanakhala ndi thabwa lotere, mwina pomakwana 12 koloko ndikanakhala nditafika pagombe la mbali ya Machinga, n'kukwera njinga yamoto, n'kupeza jeneza isananyamuke pamzikiti.

Ku Balaka kuli bambo wina dzina lake Kevin, amene ankagwira ntchito pamalo ogona alendo kunyanja yaikulu. Malowo atatsekedwa anatsala ndi matabwa awiri, ndipo ali kuseri kwa nyumba yake pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ndinapita kukawaona, ndipo ndinawayeza ndi tepi ya Bilali. Loyamba ndi lalitali mafiti 14, koma m'lifupi ndi mainchesi 23 okha, mphuno yake yosongoka ngati singano. Lachiwiri ndi mafiti 12 ndi theka, m'lifupi mainchesi 30, mphuno yopindikira m'mwamba. Kevin anati, "Aphunzitsi, lalitalili limauluka, mukaliwona pamafunde mukhoza kulira. Lachiwirilo ndi la alendo obwera kudzajambulitsa zithunzi."

Nditabwerera kuchilumba ndinaonetsa chithunzi kwa a Pitala, msodzi amene anandiphunzitsa kupalasa bwato nditaimirira. Anaseka mpaka kutsokomola. "Chitseko cha bafachi ndiye mukawolokere Chilwa? Iyayi, aphunzitsi. Mudzandiuziretu tsiku lake, ndidzakonzeretu khoka lokakuvuulirani."

Mabuku akuti chachitali ndi chopyapyala ndiye chimathamanga, ndipo ine ndikufuna liwiro, chifukwa kuyambira pomwe foni yalira mpaka pomwe jeneza yanyamuka pamakhala maola anayi kapena asanu basi. Ndimalemera makilo 82. M'bwato la a Pitala ndimaima bwinobwino. Kusambira ndimatha pang'ono, kwa munthu wokulira kumtunda. Mkazi wanga sindinamuuze chilichonse.

Aphungu, musandiuze kuti ndiiwale. Sindingathe kukumananso ndi makasu m'njira. Ndiuzeni, ndigule liti?

A.M., Ntaja

A A.M.,

Pepani kwambiri ndi imfa ya mkulu wanu. Mulungu amuchitire chifundo, ndipo inu akupatseni mtima wopirira. Sindikuuzani kuti muiwale. Mwafunsa za thabwa, ndiye tiyambe ndi thabwalo.

Mwa awiriwo, tengani la mainchesi 30. Mabuku anu sananame: lalitali ndi lopyapyala limathamanga. Koma limathamanga pansi pa munthu amene walipalasa zaka, pamadzi akuya pomwe mafunde amabwera aataliatali, motalikirana. Chilwa mukuidziwa kuposa ine. Ndi yosaya, mafunde ake ndi aafupi, amabwera mothithikana, ena chammbali. Pamadzi otere mphuno yosongoka imalowa m'funde la kutsogolo, thabwa n'kuima, munthu n'kupitirira yekha. Mphuno yopindikira m'mwamba imakwera pamwamba pake. Komanso mainchesi 23 pansi pa munthu wa makilo 82 ndi ngati kuima pamtanda wa njinga. Mukagwa kakhumi, n'kukwera kakhumi, manja amatha, ndipo amene anatenga thabwa la alendo ojambulitsa uja amakhala atafika kale. Thabwa laliwiro ndi limene simukugwapo.

Musatengerenso kuti m'bwato la a Pitala mumaima bwino. M'bwato mapazi amakhala pansi, m'kati mwa mtengo wolemera, ndipo mawondo amatsamira m'mbali. Pathabwa muli pamwamba, mulibe chotsamira. Musanagule, m'pempheni Kevin akulolezeni kukayesa onse awiri pamadzi odekha, mutamangirira kachikwama kamene mungadzanyamule. Ngati simungaime theka la ola osagwada, si lanu. Onaninso chipsepse cha pansi pa thabwalo: chachitali chimakola udzu ndi matope, ndipo kumpoto kwa Chilwa zonsezi n'zosasowa. Chingwe chomangira kumwendo ndi jekete yoyandamitsa zikhalepo. Popanda zimenezi, mukagwa mwera umatenga thabwa n'kukusiyani mukuliyang'ana.

Tsopano ndikuuzeni chimene mwachilumpha, inu wowerenga bwino. Masamu anu onse mwawachitira pa Lachisanu limodzi la mu Julaye. Imfa siyang'ana kalendala ya asodzi. Mwera uli ndi miyezi yake, ndipo ngakhale m'miyezi imeneyo masiku ena nyanja imangoti zii. Nanga foni ikadzalira nthawi ya mpoto, mphepo ili kumaso? Nanga mu Novembala, madzi ataphwa, gombe lili kutali kuseri kwa matope? Thabwa lothamanga ndi mphepo ya kumsana limakutumikirani masiku amene mphepo yafuna, osati tsiku limene inu mwafuna.

Ndiponso taganizani za munthu amene adzakwere thabwalo. Si inu wa lero, wodekha, wa tepi m'manja. Ndi uja anafunsa kuti "Bilali wake uti?" Munthu amene wangomva kumene za imfa ya bambo ake miyendo imanjenjemera ngakhale ali pamtunda.

Ndiye lonjezo lanu musalisenzetse thabwa. Ligaweni kwa anthu.

Pitani ku Ntaja, mukakhale pansi ndi bambo anu, a shehe a mzikiti wanu ndi akuluakulu a banja. Mukawauze njira yanu yonse mmene mwandiuzira ine, madoko ndi maminibasi omwe. Mukafunse ngati n'zotheka kuti uthenga ukadzakupezani m'mawa, maliro adzanyamuke ikatha swala ya Asiri, ya chakumadzulo ija, m'malo mwa ya masana, tsiku lake lomwelo. Ine si shehe ndipo sindikugamula, koma kufunsa si kulakwa, ndipo pempho lotere limalemera likachokera pakamwa pa mwini wake ali moyo. Bambo anu ananena kuti musadzachedwe. Anenenso pamaso pa anthu kuti akufuna kudzalandiridwa ndi inu. Mudzaona manyazi kuyamba nkhani ya imfa yawo iwo ali pomwepo, koma anaiyamba kale ndi iwowo.

Pachilumbapo, gwirizanani ndi mwini boti la injini mmodzi, pamaso pa a Pitala, kuti tsiku limenelo adzakutengereni kumpoto osadikira kuti boti lidzaze. Kutsidyako mukhale ndi nambala ya wanjinga yamoto amene akudziwa kale nkhani yake. Zaina mumuuze kuti asamadikire mapeto: bambo akangoyamba kukana chakudya, kapena kupuma kukasintha, aimbe pomwepo. Ndi bwino kuwoloka katatu pachabe. Lembaninso kalata kwa akuluakulu a maphunziro yopempha kuti akusamutsireni kumtunda. Zaka zisanu ndi chimodzi pachilumba ndi umboni wokwanira kuti simuthawa ntchito. Yankho lingachedwe, koma kalata yosalembedwa siyankhidwa.

Ndipo mkazi wanu mumuuze lero. Chinthu chimene mukuopa kumuuza, mumtima mwanu mukudziwa kale chimene chili.

Thabwa la mainchesi 30 lija, ngati mtima ukulifunabe, liguleni. Munthu wolira amafuna choti manja ake agwire, ndipo madzi amatonthoza. Phunzirani pafupi ndi gombe. Mukakhwima, wolokani tsiku wamba, kuli kamwera kofatsa, a Pitala ali pambali panu ndi bwato lawo, akusekeni mmene angafunire. Mukafika mukamwe tiyi ndi bambo anu, muwauze mmene mwagwera. Ulendo umenewo ndiwo woyenera thabwa.

Koma ndikuchenjezani, ndipo pano sindikuseka: tsiku la uthenga musadzakwere thabwa limenelo, kaya mwera uli bwino chotani. Munthu womira sapezeka nthawi imene abale ake akufuna. Mukadzagwa pakati pa nyanja, bambo anu adzalandiridwa ndi mwana wa eni, ndipo Zaina adzachoka kumaliro amodzi n'kupita kukakhala pagombe kudikira ena.

Bilali wapita, ndipo palibe liwiro limene lingakufikitseni pa Lachisanu lija. Bambo anu alipo. Zaina alipo. Loweruka likubwerali kulibe sukulu.

Aphungu