Dzimbiri Lachikazi

Lachitatu madzulo, ku Kaseye

Pepa kabuku kanga, ndakuvutitsanso. Mvula yawaza tsiku lonse, ndipo maganizo anga anali kutali.

Njinga imene achemwali a Tumpale anandisungitsa popita ku Jeremani kukasamalira okalamba yayamba dzimbiri. Ndimaipukuta Loweruka lililonse, komabe lero ndapeza chitsulo chapansi pa chishalo chitadyeka.

Ndinapempha aphunzitsi a Phiri kuti andifufuzire dzimbiri m'Chijeremani pa foni yawo. Akuti mawu alipo awiri. Der Rost ndi lachimuna, lofiira lija looneka pamwamba. Die Korrosion ndi lachikazi, kudyeka kwa chitsulo pang'onopang'ono.

"Mwamva, a Nyakaonga? Kumeneko ngakhale dzimbiri ndi lokwatira!" anatero akuseka.

Pobwerera ndimawaona mayi Korrosion m'maganizo, atavala chikhoti chachitali, akutsika m'nkhungu ya ku mapiri a Mafinga, osapanga phokoso, akulowa m'nyumba mwathu.

Patha miyezi itatu achemwali ali chete. Ndinalemba mawu akuti Korrosion kasanu kuti ndisaiwale r wachiwiri, kenako aphunzitsi ananditumizira uthenga kwa achemwali: "Die Korrosion ikudya njinga yanu." Za ine sindinatchule.

Achemwali, chonde yankhani msanga, ngakhale kungondiuza kuti ndalakwitsa...